Nélia ndi Mayina 58 a ku Chidzolomondo

Nélia Vicente ndakhala naye ofesi imodzi ku Furancungo zaka zinayi tsopano. Ine ndine Fernando, wosunga nyumba ya mbewu pa kabungwe kathu kothandiza alimi a ku Macanga ndi ku Tsangano. Ntchito yanga ndi matumba, sikelo ndi nkhondo yosatha ya makoswe. Ntchito ya Nélia ndi mayina. Chaka chilichonse mvula isanagwe timagawa mbewu ya nyemba, ndipo munthu salandira ngakhale kambale kamodzi ngati dzina lake silinatuluke pa mndandanda umene Nélia amakonza pa kompyuta. Ine changa n'kutsegula chitseko ndi kuyeza basi.

Nélia anabadwira ku Malawi mu 1990, kumsasa wa othawa nkhondo cha ku Ntcheu. Makolo ake, a Vicente ndi a Felizarda, anabwerera kwawo ku Ntengo-Wambalame, m'dera la Tsangano, patapita zaka zitatu, n'kupeza munda utasanduka thengo. Anaswanso mphanje, nayamba kulima kachewere. A Vicente anamwalira Nélia ali mu kalasi yachisanu ndi chiwiri, ndipo kuyambira pamenepo khasu linatsala m'manja mwa a Felizarda okha. Nélia akaweruka kusukulu ankakhala pamsewu kusanja kachewere wogulitsa: wamkulu apa, wapakati apa, wamng'ono apo. Iye mwini amatiuza kuti akapeza kakang'ono katabisala pa mulu wa zazikulu, mtima unkamuwawa ngati wina wamutukwana. Khalidwe limenelo sanalisiye pamsewu paja, anabwera nalo mu ofesi.

Sekondale anaphunzira ku Ulongwe, kenako ku Tete anachita maphunziro a chiwerengero. Kumeneko n'kumene anadziwira R, chiyankhulo cholamulira kompyuta kuti iwerenge ndi kusanja zinthu. Ine R sindiidziwa ndipo sindidzaidziwa, koma zaka zinayi zomva munthu akukangana ndi kompyuta pambali pako zimakuphunzitsako kanthu. Ndikudziwa kuti mkati mwake muli chida chotchedwa data.table chimene Nélia amachikonda kuposa tiyi, chifukwa chimanyamula mizere zikwizikwi pa kompyuta yathu yokalambayi osatsamwa. Ndikudziwanso kuti zikavuta pamatuluka malembo ofiira a Chingerezi, ndipo iye amawakopera m'kope la ana asukulu, pansi pake n'kulemba mankhwala ake. Mawu ake a tsiku ndi tsiku anali akuti, "Kompyuta sinama, amanama ndi anthu."

Mawu amenewo anawauzapo ngakhale mayi ake omubereka. Chaka chatha titagawa mbewu ku Tsangano, a Felizarda anaimba kuti dzina lawo silinatuluke. Iwo alibe foni, amabwereka ya mnzawo woyandikana naye nyumba, a Lúcia. Ndinali pomwepo Nélia akuyankha kuti, "Amayi, ngati silinatuluke ndiye kuti simunalembetse. Mwina mwasokoneza ndi kalembera wa kutchalitchi." Ndinamuuza kuti angoyang'anako, si ntchito yothyola msana. Anakana. Anati sakufuna kuti wina adzanene kuti mwana wa a Felizarda amatsegula mndandanda chifukwa cha mayi ake. Kunali kuuma mutu, komabe ndinamulemekeza nako. Chaka chimenecho a Felizarda anadzala nyemba zopempha kwa abale, zokwana theka la munda.

Ntchito ya Nélia imayenda chonchi. Alangizi athu amazungulira m'midzi kawiri. Ulendo woyamba amalemba mabanja: dzina la mwini khomo, mudzi, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni. Ulendo wachiwiri amayeza minda. Zikafika mu ofesi zimakhala matabela awiri, ndiye kuti mapepala awiri aatali a mu kompyuta, banja lililonse mzere wakewake. Nélia amayenera kuwalumikiza kuti banja likumane ndi munda wake, pakuti mbewu timayeza potengera kukula kwa munda. Polumikizapo pamafunika chizindikiro chopezeka mbali zonse ziwiri, chimene anthu awiri sangafanane nacho. Nambala ya chitupa ikanathandiza, koma anthu athu lero akuonetsa chitupa cha boma, mawa chovotera, mkuja cha ubatizo. Mayina nawo amafanana kwambiri. Choncho Nélia anasankha foni ndi tsiku lobadwa. Anati anthu awiri angafanane chimodzi mwa izi, koma osati zonse ziwiri.

Lolemba lina la mu Okutobala chaka chino, akulumikiza matabela a ku Macanga, malembo ofiira aja anatuluka. Anandimasulira osatembenuka n'komwe: kompyuta ikukana, ikuti mizere ituluka yambiri kuposa imene yalowa, chifukwa pali anthu ofanana zizindikiro. Anatsegula kope lake, napeza kuti vuto lomwelo anakumana nalo chaka chatha pa matabela a ku Tsangano, ndipo mankhwala analemba kale. Linali lamulo limodzi lalifupi lotchedwa unique, limene likapeza mizere yofanana limasunga woyamba n'kutaya yotsatira. Analilemba, malembo ofiira anazimiririka, iye n'kutuluka kukagula zitumbuwa.

Amene anaona kuti china chake chachepa ndi a Vasco, mkulu wathu wa ofesi. A Vasco ndi munthu wa mu mzinda wa Tete, wabwino ndithu, koma amakhulupirira kuti aliyense wokwera njinga yamoto ya bungwe akuba kanthu, kungoti sanagwidwe. Anabwera ndi mndandanda m'manja, akutchula manambala m'Chipwitikizi monga timachitira kuno.

"Nélia, alangizi anabweretsa mabanja mil duzentos e quarenta. Apa ndikuona mil cento e setenta e seis. Sessenta e quatro apita kuti?"

"Anali obwerezedwa, chefe. Ndachotsa."

"Ndionetse obwerezedwawo."

Pa mabanja 1,240 panali patatsala 1,176, ndipo Nélia anasindikiza mizere 64 yosowayo. Mwa iyo, 58 inali ya m'midzi ya ku Chidzolomondo, imene tinangoilowetsa kumene chaka chino, ndipo yonse inalembedwa ndi mlangizi mmodzi, a Cosme. Mayina anali osiyana, koma anali m'magulumagulu: gulu lililonse foni imodzi, mudzi umodzi, tsiku lobadwa limodzi. A Vasco anagogoda pepalalo ndi chala. Anati wakuba amatero, amasintha dzina n'kuiwala kusintha nambala, kenako tsiku logawa amatumiza abale ake kudzalandira mbewu ya mizukwa.

A Cosme ali ndi zaka zopitirira makumi asanu, ndipo theka la zakazo athera pa misewu ya fumbi ya ku Macanga. Bondo lawo lamanzere linasiya kupinda bwino atagwa ndi njinga pa mtsinje wina. Ndi munthu wosakonda kuyankhula, ndipo akakwiya ndiye amatsekeratu pakamwa. Anaitanidwa Lachiwiri m'mawa. Ine ndinkamvera ndili kunyumba ya mbewu, pakuti khoma lathu ndi la dzina lokha.

"Foni amabwerekana," anatero a Cosme. "Kumene kuja mudzi wonse foni ndi imodzi kapena ziwiri."

"Zimenezo ndikuvomera, tiyu Cosme," anayankha Nélia, amene akuluakulu tonse amatitcha tiyu, kutanthauza amalume. "Koma onani apa. Anthu oito, asanu ndi atatu, foni imodzi, onse obadwa tsiku limodzi, chaka chimodzi. Ndawerengera. Zoterezi sizingachitike mwangozi, ngakhale mutadikira zaka mil, chikwi chathunthu."

"Ine ndinalemba zimene zili pa zitupa zawo."

"Zitupazo munazijambula?"

"Sanandiuze kuti ndizijambula. Anthu amenewa ndadya nawo m'nyumba zawo."

A Vasco anati kudya ndi anthu si umboni. Analamula kuti a Cosme asiye kiyi wa njinga patebulo, ndipo Lachisanu pa msonkhano wa antchito onse adzalandira kalata yowachotsa ntchito. Mndandanda wopanda anthu 58 aja unayenera kutumizidwa m'midzi tsiku lomwelo. A Cosme anaika kiyi, natuluka akukoka mwendo, n'kukakhala pa benchi la panja mpaka nthawi yoweruka. Lachitatu anabweranso n'kukhala pomwepo. Zinandipweteka mtima, sindibisa. Munthu amene ndamuona akubweza kathumba ka mbewu kotsala atayenda nako makilomita makumi anayi, lero akutchedwa mbava pamaso pa ana.

Lachitatu masana ndinalowa mu ofesi ndili ndi mkwiyo wanga. Ndinamuuza Nélia kuti galu wamkota sakandira pachabe, mkulu uja sangakhale pa benchi masiku awiri ngati alibe chimene akudziwa. Anandiyankha kuti nayenso sakusangalala nazo, n'chifukwa chake wakhala akufufuzabe. Anali atauza kompyuta kuti iwerenge anthu obadwa tsiku lililonse la pachaka, ndipo zimene zinatuluka zinangomukwiyitsa: zaka 1960, 1965 ndi 1970 zinkangobwerezabwereza.

"Onani, tiyu Fernando. Pa anthu akuluakulu a ku Chidzolomondo, pafupifupi theka akuti anabadwa um de Janeiro, tsiku loyamba la chaka. Ndipo zaka zake ndi zomwezomwezo: sessenta, sessenta e cinco, setenta. Uku ndi kulemba munthu atakhala pansi pa mtengo, osafika n'komwe pakhomo."

Ndinayang'ana pepalalo, kenako ndinaseka mpaka kukhosomola. Ndinatulutsa chikwama changa, n'kuponya chitupa changa pa makiyi a kompyuta yake.

"Werenga, dotora, wophunzira iwe. Ngati zili choncho, ndiye kuti nanenso ndine mzukwa wa a Cosme."

Anawerenga: 1 Januwale 1960. Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

Ndinamufotokozera zimene wamkulu aliyense wobwerera kuchokera ku Malawi amadziwa, koma zimene sitinaone chifukwa chouzira ana. Titabwerera, ambiri tinalibe pepala lililonse. Ena anawotchedwa pamodzi ndi nyumba, ena sanakhalepo nalo chibadwire. Olemba anthu atafika kwathu anakhala pansi pa mtengo ndithu, mmene ananenera Nélia, ife tili pamzere. Akafunsa kuti unabadwa liti, umayankha kuti chaka cha njala, kapena chaka chimene anatsegula sitolo ya uje. Wolembayo analibe nthawi ya nthano. Ankakuyang'ana nkhope, n'kusankha chaka chosavuta kulemba, tsiku n'kuika loyamba la chaka. Amene tinaima pamzere umodzi tili a msinkhu wofanana tinachoka pamenepo tili mapasa. Nélia zimenezi sankazidziwa chifukwa iye anabadwira pa chipatala cha kumsasa, anthu olemba tsiku ndi ola ali pomwepo.

Anatenga foni yake n'kuimba nambala ija ya anthu asanu ndi atatu, naika mawu pokweza kuti nanenso ndimve. Inalira kanthawi, kenako anayankha bambo wina amene anati ndi a Daniel, katekisita wa m'mudzimo. Nélia anatchula dzina loyamba pa pepala.

"Alipo, ali kudimba. Ndikawauze kuti mwaimba ndani?"

Anatchula lachiwiri.

"Amenewo nyumba yawo ndikuiona pano. Kodi mukufuna angati, mayi? Foniyi ndi yanga, koma imagwirira ntchito mabanja doze, khumi ndi awiri. Mukafuna onse, imbani Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi."

Anatchula onse asanu ndi atatu, ndipo a Daniel anamuuza za aliyense: uyu ali ndi ng'ombe ziwiri, uyu mwamuna wake anamwalira chaka chatha, uyu samva bwino ndiye muzikuwa. Atadula foni, Nélia anayang'ana kope lake lija. Kenako anati, "Kompyuta inandiuza Lolemba kuti chizindikiro changa n'cholakwika. Ine ndinaitseka pakamwa."

Kukonza kwake sikunali kwa lamulo limodzi. Anachotsa unique uja, nabwezera mizere yonse 64, koma kulumikiza kunakanabe, pakuti kompyuta sikanadziwa kuti pa mabanja asanu ndi atatu ofanana foni ndi tsiku, munda uti ndi wa yani. Anawonjezera dzina pa zizindikiro zija, ambiri analumikizika, koma ena anatsalabe chifukwa ulendo woyamba analembetsa mwamuna, wachiwiri pamunda panali mkazi. Wodziwa zimenezo anali mmodzi yekha, ndipo anali panja pa benchi.

Lachinayi m'mawa Nélia anatuluka, nakaima patsogolo pawo manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu.

"Tiyu Cosme, ndinalakwitsa ndine. Desculpa, pepani. Ndikupempha mundithandize."

Ine ndinkayembekeza kuti a Cosme amulalatira, ndipo ndikanakhala ine ndikanatero. Iwo anangoti, "Bweretsa mpando wina, bondoli silifuna kuima." Anakhala limodzi mpaka dzuwa kupendeka, iye akutchula munda, iwo akutchula mwini wake. Banja lililonse analipatsa nambala yakeyake imene idzalembedwe pa mapepala onse awiri kuyambira tsopano. Pomaliza mizere inatuluka 1,240, ndipo malembo ofiira sanabwerenso.

A Cosme atapita, ine ndikutseka mawindo, ndinamva Nélia akuti, "Tsangano." Anali atakumbukira kumene mankhwala aja anachokera. Anatsegula matabela a chaka chatha, nauza kompyuta kuti imuonetse mizere imene lamulo lija linataya nthawi imeneyo, imene sanaiyang'ane chifukwa palibe anafunsa. Inatuluka isanu ndi inayi. Anaisindikiza, napinda pepalalo kanayi, n'kuliika m'thumba osandionetsa. Nkhope yake inandiuza kuti ndisafunse.

Lachisanu tinasonkhana tonse, antchito khumi ndi mmodzi. A Vasco anali atamva kale nkhaniyi, ndipo kalata ija sinaoneke. Iwo ankafuna kungoti panali kavuto kakang'ono ka mu kompyuta, kakonzedwa, tipitirize. Nélia anaimirira.

"Chefe, com licença, ndiloleni ndiyankhule. Silinali vuto la kompyuta. A Cosme anatchedwa akuba pamaso pa anthu, ndiye ayeretsedwe pamaso pa anthu omwewo. Iwo analemba zoona. Lamulo lochotsa anthu ndinalemba ndine, chifukwa ndinkaganiza kuti aliyense ali ndi foni yake ndi tsiku lake lobadwa. Ndipo sikoyamba. Chaka chatha linachotsa mabanja nove ku Tsangano, ndipo amenewo mbewu sanalandire."

A Vasco anati za chaka chatha zisiyeni, madzi akatayika sawoleka. Nélia anati ngakhale zili choncho, mayinawo awerenga kuti alowe m'buku la msonkhano, anthuwo adzayambe ndiwo kulandira chaka chino. Anafutukula pepala lija n'kuyamba kuwerenga ndi mawu ake a masiku onse, dzina ndi mudzi, dzina ndi mudzi. Pa dzina lachisanu ndi chimodzi mawu anamuthawa. Anayambiranso.

"Felizarda Vicente, Ntengo-Wambalame."

A Lúcia ndi a Felizarda anaima pamzere umodzi mu 1993, ndipo onse awiri anapatsidwa 1 Januwale 1965. Polembetsa mbewu onse anapereka foni ya a Lúcia. Mlangizi anayamba kulemba a Lúcia, choncho kompyuta inasunga iwo n'kutaya wachiwiri, monga inauzidwira. Nélia anamaliza mayina atatu otsalawo, nakhala pansi. A Vasco anakankhira kiyi wa njinga kwa a Cosme, nanena mawu opepesa amene anatuluka movutikira ngati chitseko cha dzimbiri. A Cosme anatenga kiyi wawo n'kufunsa ngati mafuta alipo, chifukwa mndandanda unayenera kufika ku Chidzolomondo tsiku lomwelo.

Anthu atabalalika, Nélia anabwera kunyumba ya mbewu, nakhala pa thumba la nyemba, n'kuimba foni ya a Lúcia. Ndinafuna kutuluka, koma anandikodola ndi dzanja kuti ndikhale. Tinadikira a Lúcia akuyenda kupita kwa mnzawo, tikumva nkhuku ndi mphepo.

"Amayi, ndine Nélia. Chaka chatha munalembetsa ndithu. Dzina lanu ndinalichotsa ndine, mosadziwa. Ndikhululukireni."

A Felizarda anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene watula katundu.

"Ndiye kuti ndinapitadi? Iwe mwana iwe. Ine ndinkakumbukira bwinobwino, ndinavala chitenje chobiriwira, ndinaima kumbuyo kwa a Lúcia. Koma utanena kuti sindinalembetse, ndinati mwana wanga ndi wophunzira, sangalakwe, ndiye kuti mutu wangawu wayamba kutha ngati mmene anayambira agogo ako. Chaka chonse ndakhala ndikumanga mfundo pa nsalu kuti ndisaiwale zinthu. Sindinakuuze, ndinkaopa kukudetsa nkhawa uli pantchito."

Nélia analira, ndipo ine ndinapeza chochita kuseri kwa matumba. Atamaliza kuyankhula anapukuta m'maso, nandifunsa kuti thumba la ku Ntengo-Wambalame linyamuka liti. Ndinati Lachiwiri. Anati alemba kalata yopempha tchuthi cha masiku awiri kuti ine ndikawapatse a Vasco, iye akwera nawo galimoto ya mbewuyo.